Tsiku Limene Atate Anasowa Do

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene amayi anatisiya. Anamwalira mvula itangoyamba, chimanga chisanafike m'mawondo, ndipo ine sindinalire. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti mundidziwe. Pamaliropo amayi a m'mudzi ankandiyang'ana cham'mbali, ena nkumanong'onezana kuti mwanayu ali ndi mtima wamwala. Sunali mwala. Mukudziwa mmene mwendo umachitira ukaukhalira nthawi yaitali pamphasa, umautsina koma osamva kanthu. Ine ndinachita dzanzi lotero thupi lonse, ndipo linandikhala miyezi yambiri.

Atate anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni m'mudzi wina cha ku Sinda, zaka za m'ma 1920. Nyumba yomweyo yaudzu inali sukulu pakati pa sabata, Lamulungu nkukhala tchalitchi. Ankaphunzitsa kuwerenga, katekisima ndi masamu pang'ono, koma mtima wawo wonse unali pa kuimba. Pakhoma anapachika chinsalu cholembedwa do, re, mi, kukwera mpaka do wina wapamwamba. M'thumba la jekete ankasunga kachitsulo ka mphanda ziwiri kamene ankamenyetsa pabondo nkuika pakhutu kuti apeze poyambira nyimbo. Kachitsuloko ankakasamala monga ena amasamalira mfuti, ndipo ngakhale amayi sankaloledwa kukagwira pochapa jeketeyo.

Malamulo awo a kuimba anali awiri, ndipo mwana aliyense wa m'mudzimo ankawaloweza. Loyamba linali lakuti mawu aliwonse ali ndi mwala wake wopondapo, monga powoloka mtsinje; ukaponda pakati pa miyala, wagwera m'madzi. Lachiwiri linali lakuti nyimbo iliyonse imabwerera kwawo, pa do. Nyimbo yosabwerera pa do, ankatero, ndi mwana wosochera.

Tsoka langa linali lakuti ndinatengera amayi. Iwo anali Mkhristu wobatizidwa, wodziwa nyimbo za m'buku, koma akakhala pamtondo ankaimba zawozawo, chapansipansi, pakamwa atatseka theka. Mawu awo ankatsetsereka kuchoka pamwamba kutsika pang'onopang'ono osaponda mwala uliwonse, nkukweranso, ndipo nyimbo inkathera pamene munsi waimira. Atate akamva ankaseka ali pakhonde.

"NaBanda, mwapondanso m'madzi."

"Madziwo ngozizira bwino, aphunzitsi," amayi ankayankha, munsi uli m'mwamba.

Kwa amayi zinali nthabwala. Kwa ine, m'sukulu, kanali kansungwi pachikhatho.

Titameta maliro, kunabwera atsibweni, mlongo wawo wa amayi, kuchokera ku Vubwi, ulendo wa masiku asanu wapansi. Anali munthu wofatsa, wolankhula ngati akuwerenga mbewu. Anakhala ndi atate pansi pa mtengo wamango, ine ndikusenda nsawawa pafupi.

"Alamu," anatero, "mlongo wathu munamusunga bwino, sitikudandaula. Tinakupatsani chitengwa chifukwa cha ntchito yanuyi. Koma mwambo mukuudziwa. Mwana ndi wa kuchikazi. Mbumba ndi yanga, ndiye Marita apita nane."

Atate anachonderera, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Ndinali mwana wawo mmodzi yekha wamoyo. Awiri anapita ali makanda. Anatchula za nyumba ya atsikana ku mishoni, cha ku mapiri a Katete, kumene ana ankagonera konko nkumaphunzira. Kunali ulendo wa tsiku limodzi kuchokera kwathu. Ndikanalowa kumeneko, atate akanandiona mwezi uliwonse pobwera ku msonkhano wa aphunzitsi, ndipo patchuthi ndikanabwerera kwa iwo.

Atsibweni anaganiza nthawi yaitali. "Azungu anuwo akamutenga, ndimusiya, sindilimbana ndi azungu. Akapanda kumutenga, tikakolola ndibwera."

Mphasa yotsala m'nyumba ya atsikanayo inali imodzi, ndipo oifuna tinali awiri: ine ndi Rute, mwana wa mkulu wa mpingo wa mudzi woyandikana nawo. Mayeso anali kuwerenga, katekisima ndi kuimba. Woyesa anali mzungu wamkazi woyang'anira nyumbayo, amene anthu ankamutcha Adona Chipewa chifukwa sankavula chipewa chawo chachikulu ngakhale kuli mitambo. Kuwerenga ndi katekisima sizinkawadetsa nkhawa atate. Ankaopa mawu angawa.

Miyezi inayi, ana anzanga akaweruka, ine ndinkatsala kutsogolo kwa chinsalu chija. Atate ankaloza ndi kansungwi, ine nkumaimba. Ndikatsetsereka, kansungwi komweko kankatsika pachikhatho. Ndinkayang'ana chikhathocho chikufiira ngati cha munthu wina. Tsiku lina atandimenya kachitatu, atate anaponya kansungwiko pansi.

"Lira kaya, mwana iwe! Ungolirako pang'ono!"

Ndinawayang'ana, nkutola kansungwiko kuwapatsa. Sanali munthu wankhanza atate. Anali ndi mantha, ndipo njira imene ankaidziwa yondisungira inali yokhayo. Pofika nthawi yokolola ndinali nditaphunzira kuponda miyala yonse bwinobwino, osanyowetsa ngakhale chala.

Tinanyamuka nyengo yozizira itayamba, udzu utauma. Tsiku lotsatira kuwerenga ndi katekisima tinalemba m'mawa, ndipo ine ndi Rute tinafanana. Kuimba anati kukhale masana pakhonde la Adona. Tinafika msanga, ine ndi atate, Rute ndi atate ake, nkukhala pansi pa simenti yozizira. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, kuli zii, njuchi zokha zikulira m'maluwa a Adona.

Patebulo panali galamafoni. Atate anali ataionapo kale pa misonkhano, ikuimba nyimbo za asilikali ndi za tchalitchi, ndipo ankanyadira kuti amadziwa kuipukusa. Adona anatulutsa mbale yakuda m'kabokosi kodzaza utuchi, nkunena m'Chinyanja chawo chouma chija kuti mlongo wawo wawatumizira kuchokera kutali.

"Aphunzitsi, inu mumakonda nyimbo. Tamverani iyi, kenako tiyese ana."

Singano inayamba kukanda, shii. Kenako kunatuluka chitoliro, chokhachokha, popanda ng'oma kapena mnzake wochiperekeza. Chinaima pa liwu limodzi ngati munthu waulesi woyasamula, nkuyamba kutsika. Sichinalumphe kuchoka pa mwala kupita pa mwala. Chinaponda m'madzi monse mmene atate anandiletsa, pang'onopang'ono mpaka pansi, nkutembenuka kukweranso njira yomweyo. Pambuyo pake kunamveka chinthu ngati madzi akukhuthulidwa mumtsuko, chimene ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndi zeze wamkulu wa zingwe zambiri, ndi malipenga olira chapatali. Kenako kunangoti zii.

Atate anadzambatuka. "Yatha mphamvu, Dona! Mpake ikutsetsereka chonchi!" Anagwira chopukusira nkuyamba kuzunguza mwamphamvu, tebulo nkugwedezeka, singano nkulumpha.

Adona anaseka mpaka kugwirira chipewa. "Siyani, aphunzitsi, simunamve cholakwika. Kutsetserekako kunalembedwa. Ngakhale kukhala chete kuja kunalembedwa. Mwini wake anafuna choncho."

Anabwezera singano poyambira. Atate anakhala pansi mwamanyazi, koma chidwi chinawaposa. Anatulutsa kachitsulo kaja, kumenyetsa pabondo, kuika pakhutu. Anapempha sileti ya Rute. Ndinkawaona akulemba do, kufufuta ndi malovu, kulemba la, kufufutanso. Kanyimbo ka chitoliro kaja kankabwerabwera, koma nthawi iliyonse zoimbira zapansi pake zinali zasintha, ndiye atate akati agwire apa, pansi pasuntha. Pakati pake Adona anatembenuza mbale. Zoimbira zambiri zonga kaligo zinakwera pamodzi ngati zifika penapake, koma sizinafike, zinangosungunuka. Pothera pake panamveka timabelu tating'ono, mawu nkumachepa, nkumachepa, mpaka sitinadziwe pamene nyimbo yathera ndi pamene kwatsala kukanda kwa singano kokha.

Ine sindinasunthe. Sindinganene kuti ndinasangalala kapena ndinamva chisoni. Ndinangodziwa chinthu chimodzi, kuti chitoliro chija ndikuchidziwa. Chinkayenda mmene amayi ankayendera pamtondo.

Sileti ija, m'manja mwa atate, inali yonyowa, yopanda kanthu.

"Dona," anafunsa, "do wake ali kuti?"

"Alipo. Koma nyimboyi siithamangirako."

Adona anaiwala mayeso kanthawi. Anafotokoza kuti amene anapeka nyimboyo anali Mfalansa wina, zaka ngati makumi atatu m'mbuyomo, ndipo iyeyo anali atamwalira kale. Inkanena za cholengedwa cha m'nthano zawo chimene chagona m'tchire masana kukutentha, osadziwa ngati zimene chaona ndi maloto kapena zenizeni. Iye asanabwere, anatero, nyimbo za magulu akuluakulu a oimba ku Ulaya ankazimanga ngati nyumba yanjerwa: mzere pa mzere, funso ndi yankho lake, ndipo womvera ankadziwiratu kumene akupita. Mfalansayu sanasamale za njerwa. Ankasankha choimbira chifukwa cha kakomedwe ka liwu lake, ankalola mawu osagwirizana kukhala limodzi osawayanjanitsa, ndipo ankasiya mpata wopanda kanthu. Aphunzitsi ake ankati akuswa malamulo. Koma opeka nyimbo achinyamata atamva chitoliro chimenechi anaona kuti khomo latseguka, ndipo ambiri anadzera pomwepo.

Atate anamvetsera nkhope ili gwa. "Ndiye sanamukwapule?"

"Anamuombera m'manja," anatero Adona, "mpaka oimba anaibwereza tsiku lomwelo." Anatseka galamafoni. "Tiyeni tsopano. Rute, yamba."

Rute anaimba bwino, sindinganame. Mawu ake anali oyera, olunjika, ndipo anatera pa do ngati nkhuku palichero. Adona anagwedeza mutu movomereza.

Inafika nthawi yanga. Atate anamenyetsa kachitsulo pabondo nkundipatsa poyambira. Nyimbo inali ya m'buku, imene ndinaiimba mwina kambirimbiri kuposa masiku a moyo wanga. Mzere woyamba ndinaponda miyala yonse. Pa mzere wachiwiri chitoliro chija chinali chikadali m'khutu, ndipo pansi pa chitolirocho panali amayi. Anthu akhala akundifunsa ngati ndinachita dala. Sindinachite dala. Ndinangomva mawu anga akutsetsereka okha, pakamwa patatseka theka, kutsika m'madzi nkukweranso. Ndinkadzimva ngati ndikumvera munthu woimba kuseri kwa nyumba. Pa mzere womaliza ndinafika pa mwala woyandikana ndi do, nkuima pomwepo.

"Tsiriza, Marita," anatero Adona.

Sindinathe. Panalibe chotsiriza; munsi unali utaima.

Adona anausa moyo. "Mwana ali ndi mawu okoma, aphunzitsi, koma sagwira nyimbo. Adzasokoneza anzake m'tchalitchi."

Atate anali asanatsutsepo mzungu chibadwire. Anaimirira, chipewa chawo chili m'manja.

"Koma Dona, Mfalansa uja..."

"Aa, zimenezo ndi zina. Uja anayamba wadziwa malamulo onse, kenako nkuwasiya. Uyu sakuwadziwa."

Atate ankadziwa kuti malamulowo ndikuwadziwa. Anali atawalemba okha pachikhatho changa miyezi inayi.

"Inde, Dona," anatero.

Mphasa anapatsidwa Rute. Sindinamude, ndipo sindinamve nsanje. Ndinamuthandiza kunyamula kamtolo kake mpaka pakhomo la nyumba ya atsikana, nkusuzumira mkati mmene munkanunkhira sopo.

M'mawa mwake tinayamba ulendo wobwerera. Atate anali patsogolo, ine pambuyo. Kansungwi kaja anali atabwera nako, kali m'khwapa. Dzuwa lili paliwombo tinafika pa kamtsinje nkukhala pansi pa mkuyu. Ndinaona kuti nthawi yakwana, choncho ndinapita ndekha kutsogolo kwawo nkutambasula chikhatho.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachipinda ndi dzanja lawo nkuchibwezera pachifuwa panga.

"Imbanso," anatero. "Monga dzulo."

Mwachizolowezi dzanja lawo linalowa m'thumba, kachitsulo nkugunda pabondo. Kanayamba kulira. Asanakafikitse pakhutu, anakafumbata mwamphamvu mpaka kanasiya kulira.

"Yambira pamene ukufuna."

Ndinaimba. Sinali nyimbo ya m'buku, sinalinso ya Mfalansa. Inali ya pamtondo, yopanda mawu. Atate sanandiyang'ane, maso anali pamadzi. Nditaima, sanandiuze kuti nditsirize.

"Zaka khumi ndi zisanu," anatero, "ndinkawauza amako kuti akuphonya."

Iwo sanalire, inenso sindinalire. Tinadya mbatata zathu zozizira nkuwoloka. Titayenda ndithu ndinaona kuti kansungwi katsala pansi pa mkuyu paja. Kaya anakaiwala kaya anakasiya, sindinawafunse.

Atsibweni anabwera patapita masabata awiri, monga analonjezera. Panalibe mkangano. Atate anatiperekeza mpaka padambo, anandipatsa buku langa lowerenga, nkundiuza kuti ndizimvera akulu. Ndinayenda masiku asanu ndikuyang'ana zidendene za atsibweni. Atate ndinadzawaonanso kawiri kokha. Mishoni inawasamutsira kutali, anakwatiranso, ndipo anamwalira ine ndili ndi mwana woyamba kumbuyo.

Ku Vubwi anandilandira bwino. Tsiku lachitatu mayi anga aang'ono anandiitana kuti ndiwathandize kusinja. Atakweza munsi anayamba kuimba chapansipansi, pakamwa atatseka theka, mawu akutsetsereka. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo anawalandira chimodzimodzi. Ndinazindikira kuti amayi sankaphonya kanthu. Mudzi wonse unkaimba choncho, ndipo ndi mmene agogo awo anaimbira. Mwendo wadzanzi umapweteka pamene ukudzuka. Ndinagwa pansi pambali pa mtondo nkulira maliro a miyezi isanu ndi iwiri, mpaka anthu anathamanga kuchokera kumunda kuganiza kuti kwagwa zovuta.

Tsopano ndine nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, koma kuwerenga sindinakusiye, ndipo ndatsogolera kuimba kwa amayi a mpingo zaka zambiri. Chimene ndimamvetsa lero ndi ichi. Adona sanali munthu woipa, ndipo makutu anali nawo abwino. Kutsetsereka kuja atakumva pambale yochokera kutali anakutcha nzeru yatsopano, koma atakumva m'kamwa mwa mwana wopanda nsapato, ola lomwelo, pakhonde lomwelo, anakutcha kulephera. Atate nawonso anachita kudikira mzungu wakufa wa ku Falansa kuti amve mkazi amene anagona naye mphasa imodzi zaka khumi ndi zisanu. Sindiwaweruza, chifukwa inenso ndadzudzulapo anthu ndisanawamvetsere. Koma kuyambira pamenepo, munthu akaimba kapena kuchita chinthu mosiyana ndi mmene ndinaphunzirira, ndimayamba ndadzifunsa ngati wasochera kapena akudzera njira imene ine sindikuidziwa. Phunziro limeneli atate analigula ndi mwana wawo, ine ndinaligula ndi atate.

Chaka chatha kunabwera mdzukulu wanga amene amaphunzitsa nyimbo ku Lusaka. Ndinamufotokozera nkhaniyi nkumuimbira kachiyambi ka chitoliro kaja mmene ndinkakakumbukirira. Anatsegula maso. "Agogo, imeneyo ndi imene timayambira pophunzitsa nyimbo zamakono za kumeneko! Inu munaimvera kuti?" Pobweranso anatenga kaseti. Anandiuza kuti Adona sananame, zambiri zimene opeka anachita pambuyo pake, ngakhale nyimbo za m'mafilimu, zinadzera pakhomo lomwe lija. Anandiuzanso chinthu china: kuti nyimboyo imafika kwawo ndithu, pothera penipeni, koma mofatsa kwambiri moti pagalamafoni yakale kukanda kwa singano kukanabisa.

Tinakhala pakhonde masana, wailesi ili pampando. Chitoliro chinatsika, kukwera, kukhala chete. Pothera ndinamuuza kuti abweze pang'ono, akweze mawu. Ndinatchera khutu langa labwinoli. Timabelu tija tinalira, mawu anachepa, ndipo pansi penipeni, mopanda phokoso, nyimbo inakhala pansi. Do analipodi. Analiponso masana aja, pamene atate ankamufuna ndi kachitsulo ndi sileti yonyowa.

"Atate, uyo," ndinatero mokweza.

Mdzukulu wanga anaganiza kuti kwabwera mlendo, ndipo anadzuka kukayang'ana kumsewu.